Mawu amene mwangomva kumene: mafunso ndi mayankho pa za kuwasunga m'mutu

Munthu wakuuzani dzina lake, ndipo musanamalize n'komwe kulonjerana dzinalo lathawa. Kapena mwatumidwa zinthu zisanu, pofika pakhomo mwatsala ndi zitatu. Ambiri zikawachitikira amayamba kuda nkhawa kuti mutu wayamba kuwonongeka, ena amathamangira timasewera ta pafoni tolonjeza kunola ubongo. M'munsimu muli mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri. Ndayankha motalikirapo pamene ndaona kuti anthu amanamizidwa kapena amadziopseza okha.

Kodi kukumbukira kwa kanthawi kochepa n'kutani kwenikweni?

Ndi kuja mumasunga mawu m'mutu kwa masekondi owerengeka pamene mukufuna kuwagwiritsa ntchito. Wina akukutchulirani nambala pafoni, cholembera chili kuchipinda china, ndiye mukuyenda uku milomo ikugwedera, mukuibwereza chamumtima. Mwana wangokufunsani kuti kiyi ili kuti, mwamuyankha, basi nambala ija yapita. Sikuti mwaiiwala ngati mmene munthu amaiwalira zimene anaphunzira kalekale. Nambalayo sinafike n'komwe mosungira zinthu zokhalitsa. Inali ngati madzi otapa m'manja.

Mu 1974, Alan Baddeley ndi Graham Hitch a ku Britain anafotokoza kuti kukumbukira kwa mtundu umenewu kuli ndi zigawo, ndipo anakutcha working memory m'Chingelezi. Chigawo chosunga mawu tingati chili ndi khutu lamkati ndi liwu lamkati. Khutulo limagwira kamvekedwe ka mawu, koma kamvekedweko kamazirala pakangotha masekondi pafupifupi awiri. Liwulo limabwereza mawuwo kuti asazirale.

Umboni woti kukumbukira kwa kanthawi n'kosiyana ndi kokhalitsa unachokera kwa odwala. Henry Molaison anachitidwa opaleshoni ya ubongo mu 1953 pofuna kuchepetsa khunyu. Pambuyo pake ankatha kubwereza manambala ngati munthu wina aliyense, koma akangotembenukira ku china zonse zinkafufutika, moti sankakumbukira anthu amene wacheza nawo mphindi zochepa zapitazo. Wodwala wina, wodziwika ndi zilembo zakuti K.F., amene Tim Shallice ndi Elizabeth Warrington analemba za iye mu 1970, anali wosiyana ndi ameneyu: sankatha kubwereza manambala oposa awiri bwinobwino, koma ankatha kuphunzira zinthu n'kuzisunga nthawi yaitali.

Munthu wabwinobwino amasunga mawu angati?

Ochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Nambala imene inatchuka ndi ya George Miller, amene mu 1956 analemba kuti munthu amasunga zinthu 7, mwina kuwonjezerapo ziwiri kapena kuchotsapo ziwiri. Zimenezi zimagwirizana kwambiri ndi manambala. Akakhala mawu osagwirizana tanthauzo, anthu ambiri amalekera pa asanu kapena 6, ndipo akakhala mawu ataliatali amachepa kuposa pamenepo. Mu 2001 Nelson Cowan anasonkhanitsa zofufuza zambiri n'kunena kuti munthu akaletsedwa kubwereza komanso kuphatikiza zinthu, malo enieni amene alipo ndi a zinthu pafupifupi zinayi basi.

Koma Miller ananena chinthu china chofunika kuposa nambala ija. Ubongo suwerenga mawu, umawerenga mitolo. Tamvani chiganizo ichi: "Mwana amene anabwera dzulo madzulo ndi agogo ake waiwala chipewa chake pampando wa pakhonde." Muli mawu 14, koma mungachibwereze mutangochimva kamodzi, chifukwa mawuwo amangidwa m'mitolo itatu kapena inayi: mwana uja, nthawi imene anabwera, chimene waiwala, ndi malo ake. Mawu omwewo atawasakaniza kuti asapereke tanthauzo, mungagwirepo asanu kapena 6.

Ndingadziyese bwanji kunyumba?

Mufunika mnzanu woti akuwerengereni, pepala, ndi malo opanda phokoso. Mawuwo alembe ndi mnzanuyo, inu musawaone. Mukalemba nokha ndiye kuti mwayamba kale kuwaloweza, ndipo mayesowo sakuuzani zoona.

Mayeso oyamba ndi obwereza mawu m'ndondomeko yake. Mnzanuyo awerenge mawu atatu, liwu limodzi pa sekondi iliyonse, mosakweza kapena kutsitsa mawu ngati akuimba. Akangomaliza, inu muwatchule monga mmene anabwerera. Achitenso ndi mawu ena atatu atsopano. Mukakhoza, apite pa anayi, kenako asanu, mpaka pamene mwalephera kawiri konse pa msinkhu umodzi. Mndandanda wautali kwambiri umene munakhoza ndiwo muyeso wanu. Njira imeneyi ndi yakale ndithu. Joseph Jacobs ankayesa nayo ana asukulu ku London mu 1887, pogwiritsa ntchito manambala ndi zilembo.

Mayeso achiwiri ndi a mndandanda wautali woti simungaugwire wonse. Mawu 15 a zinthu wamba akwanira, monga awa: mwala, nyali, galu, buku, singano, mtambo, chingwe, zenera, mpando, nthenga, galasi, phiri, sopo, mbalame, tsache. Popeza awa mwawaona kale, muwagwiritse ntchito poyesa munthu wina. Akawerengedwa kamodzi, woyesedwayo atchule onse amene akukumbukira mmene akubwerera m'mutu. Ulendo woyamba si zachilendo kupeza osafika theka. Awerengedwenso, atchulenso, mpaka kasanu. Kenako achite zina kwa mphindi 20 kapena 30, n'kumufunsanso osamuwerengera. Apa mukuona zinthu zitatu zosiyana: zimene wagwira atangomva, mmene akukwerera pa ulendo uliwonse, ndi zimene zatsala patapita nthawi. Chachitatuchi sichikhalanso cha kanthawi kochepa, koma n'chimene chimakhudza kwambiri moyo wa tsiku ndi tsiku.

Ngati mukufuna kuona ndi maso anu mmene mawu amathawira msanga, yesani zimene Lloyd ndi Margaret Peterson anachita mu 1959. Mnzanu akuuzeni zilembo zitatu zosapanga liwu, monga KDF, kenako nambala ngati 412. Inu muyambe kuwerenga chobwerera m'mbuyo mochotsa zitatuzitatu, mokweza: 409, 406, 403. Pa kafukufuku wawo, pakatha masekondi 18 okha anthu ankakumbukira zilembozo pafupifupi kamodzi pa maulendo 10 alionse. Zilembo zitatu zokha! Ndimakonda mayeso amenewa chifukwa amachotsa manyazi. Aliyense amene ali m'chipindamo amagwa nawo, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe.

Chomaliza: musaweruze ndi tsiku limodzi. Yesani masiku atatu kapena anayi, nthawi yofanana, ndi mawu atsopano tsiku lililonse. Komanso musachite mindandanda yambiri motsatizana, chifukwa mawu a mndandanda woyamba amayamba kulowerera mu wachitatu ndi wachinayi.

N'chifukwa chiyani ndimakumbukira mawu oyamba ndi omaliza, apakati n'kusowa?

Anthu onse amatero. Bennet Murdock anazionetsa bwino mu 1962. Mawu oyamba amapeza mpata wobwerezedwa chamumtima mutu usanadzaze, ndiye amalowa mosungira zokhalitsa. Omaliza amakhala akumvekabe m'khutu lamkati. Apakati alibe mwayi wa mbali iliyonse. Mu 1966 Murray Glanzer ndi Anita Cunitz anapeza kuti munthu akapatsidwa ntchito yowerenga manambala kwa masekondi 30 asanayambe kutchula, mwayi wa mawu omaliza umatheratu, pamene oyamba aja amatsalabe.

Phindu lake ndi ili: mukamva mndandanda wautali, yambani kutchula kapena kulemba omaliza asanazirale, oyamba akudikirani. Ndipo mukamatuma munthu, chinthu chofunika kwambiri musachibise pakati.

Mnzanga anakhoza mawu 7, ine anayi okha. Kodi mutu wanga ndi wofooka?

Musanafike pamenepo, funsani kaye kuti mawu ake anali otani ndipo anu anali otani. Mayeso amenewa amasintha kwambiri chifukwa cha tinthu tooneka tating'ono.

Choyamba ndi kutalika kwa mawu. Yesani awa: mutu, galu, dzuwa, buku, nyumba. Tsopano awa: chizindikiro, chisangalalo, chilimbikitso, kachilombo, maphunziro. Onse ndi asanuasanu, koma achiwiriwa amalemera. Mu 1975 Baddeley, Neil Thomson ndi Mary Buchanan anapeza kuti munthu amasunga mawu okwana amene angathe kuwatchula m'masekondi pafupifupi awiri. Liwu lamkati lija likamachedwa kufika kumapeto, oyamba amakhala atazirala kale.

Nkhani imeneyi imakhudza chilankhulo chimene mukuyesedwera. Mu 1980 Nick Ellis ndi R. A. Hennelly anayesa anthu olankhula Chiwelishi ndi Chingelezi ku Wales. Anthu omwewo ankasunga manambala ochepa m'Chiwelishi kusiyana ndi m'Chingelezi, chifukwa manambala a Chiwelishi amatenga nthawi yaitali kutchula. Olankhula Chitchaina, amene manambala awo ndi aafupi kwambiri, amasunga ambiri kuposa olankhula Chingelezi. Tsono taganizani: "zisanu ndi ziwiri" ali ndi maphatikizo 7, pamene "seveni" ali ndi atatu. Mawu ambiri a Chichewa ndi ataliatali, choncho kuyerekeza zimene mwapeza ndi ziwerengero za anthu oyesedwa ndi timawu tatifupi ta chilankhulo china n'kudzilakwira nokha. Kumbali ina, mukayesedwa m'chilankhulo chimene simuchilankhula tsiku ndi tsiku, mumapezanso ochepa, chifukwa mawu osazolowereka amachedwa pakamwa ndipo sagwira msanga.

Chachiwiri ndi kufanana kwa kamvekedwe. Bala, chala, khala, mwala, njala: mawu amenewa amasokonekera, makamaka ndondomeko yake, kuposa galu, mvula, buku, phiri, nsalu. R. Conrad anasonyeza mu 1964 kuti ngakhale anthu ataona zilembo ndi maso osazimva, zolakwitsa zawo zimatsata kamvekedwe. Ubongo umasandutsa zolembedwa kukhala mawu omveka usanazisunge.

Chachitatu, mawu a zinthu zooneka ngati "mpando" amagwira msanga kuposa mawu ngati "chilungamo". Onjezanipo tulo tochepa, mantha oti mukuyesedwa, ndi liwiro la wowerengayo. Ngati zonsezi sizinali zofanana, manambala anu awiriwo sangayerekezedwe.

Ndinatchula liwu limene silinali pamndandanda, koma ndinali wotsimikiza kuti ndinalimva. Kodi ndi chizindikiro choipa?

Ayi, ngati zachitika mwa apo ndi apo. Werengerani munthu mawu awa: bedi, usiku, kulota, bulangete, pilo, kuyasamula, kusinza, mkonono, kudzuka, kutopa. Ambiri adzatchula "kugona" kapena "tulo", ndipo adzalimbikira kuti munalinena. James Deese anazipeza mu 1959, ndipo Henry Roediger ndi Kathleen McDermott anazifufuza mozama mu 1995. Ubongo umasunga tanthauzo la zimene wamva, kenako pokumbukira umamanganso mawuwo kuchokera pa tanthauzolo. Luso lomweli ndi limene limakuthandizani kumva nkhani yaitali osaloweza liwu lililonse.

Nanga mayeso a pa intaneti ndi odalirika?

Ndi abwino posewera komanso podziyerekeza ndi inu mwini. Si oyezera matenda. Ambiri ali m'Chingelezi, sanena kuti akukuyerekezani ndi anthu a msinkhu wanji kapena a maphunziro otani, ndipo mukawabwereza kangapo mumakwera chifukwa chozolowera kachitidwe kake. Samalani kwambiri ndi mayeso amene akangokupatsani zotsatira akukuuzani kuti mugule chinachake.

Madokotala amayesa bwanji?

Poyamba amachita mayeso aafupi. Mu Mini-Mental State Examination, imene Marshal Folstein ndi anzake anatulutsa mu 1975, munthu amauzidwa mawu atatu n'kufunsidwanso pakapita kanthawi. Mu Montreal Cognitive Assessment, yokonzedwa ndi Ziad Nasreddine, mawu ake ndi asanu. Mayeso onse awiri ali ndi mapointi 30 ndipo amayesanso zina monga chidwi, chilankhulo ndi kudziwa tsiku. Pakafunika kufufuza mozama pali mayeso a André Rey wa ku Switzerland, a mawu 15 owerengedwa kasanu, kenako mndandanda wina wosokoneza, kenako kufunsanso woyamba uja. Mayeso achiwiri amene ndafotokoza pamwambapa atengera kachitidwe kameneka.

Dokotala sayang'ana nambala yokha. Amaona ngati munthu akukwera akamabwerezeredwa, ndiponso ngati liwu lotayika limabwerera akapatsidwa poyambira, monga kumuuza kuti "inali nyama". Likabwerera, ndiye kuti linasungidwa, vuto linali kulitulutsa. Likapanda kubwerera ngakhale atalisonyezedwa pakati pa mawu ena, dokotala amafufuza mopitirira. Ndikupemphani chinthu chimodzi: musaloweze mawu a mayeso amenewa pokonzekera kukaonana ndi dokotala, ndipo musawalowezetse kholo lanu. Mukatero mwabisa chinthu chimene mwapitira kuchipatalako.

Kodi malo osungira mawuwa angakulitsidwe?

Malo enieniwo sakula kwenikweni. Chimene chimakula, ndipo chimakula modabwitsa, ndi luso lomanga mitolo.

Nkhani yomveka bwino ndi ya wophunzira wina wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, amene Anders Ericsson ndi William Chase, pamodzi ndi mwiniwakeyo Steve Faloon, analemba za iye mu 1980 pomutchula kuti S.F. Anayamba akusunga manambala 7 ngati wina aliyense. Atayeserera maola oposa 230 anafika pa manambala 79. Mnyamatayu anali wothamanga mipikisano, ndiye ankasandutsa manambala kukhala nthawi za mipikisano. Akamva 3492 ankaona mphindi 3 ndi masekondi 49.2, nthawi ya katswiri wothamanga mtunda wa mailo imodzi. Koma atamuyesa ndi zilembo m'malo mwa manambala, anabwerera pa zilembo pafupifupi 6. Maola onse aja sanakulitse dengu. Anamuphunzitsa kulongedza katundu wa mtundu umodzi.

Ena akamva zimenezi amagwa ulesi. Ine ndimaona kuti ndi nkhani yolimbikitsa, chifukwa ikusonyeza poika mphamvu. Musavutike kukoka malo amene sakokeka. Phunzirani kulongedza mawu amene mumawafunadi pa ntchito yanu, pa maphunziro anu, kapena pocheza ndi anthu.

Ndiye timasewera tonola ubongo ta pafoni n'topanda ntchito?

Timakuphunzitsani kuchita bwino pa timasewera tomweto. Mu 2010 Adrian Owen ndi anzake anayesa anthu 11,430 amene anasewera kwa milungu 6. Anthuwo anakwera pa zimene ankayesererazo, koma kukwerako sikunaoneke pa mayeso ena, ngakhale ofanana nazo. Mu 2013 Monica Melby-Lervåg ndi Charles Hulme anaunika zofufuza zambiri za maphunziro oterewa n'kupeza zofanana: phindu limakhala pafupi ndi chimene wayeserera, ndipo silifalikira kutali. Mu 2016 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linalipiritsa kampani yopanga timasewera totere totchedwa Lumosity ndalama zokwana madola 2 miliyoni chifukwa cholonjeza zinthu zopanda umboni wokwanira.

Ngati timakusangalatsani, sewerani. Koma ngati cholinga chanu ndi kukumbukira mayina a anthu, nthawi imeneyo ithereni pa mayina a anthu.

Nanga chimene chimathandizadi n'chiyani?

Choyambirira ndi chidwi, ndipo ambiri amachidumpha chifukwa chikuoneka chophweka. Mayina ambiri amene timati tawaiwala sitinawamve n'komwe, chifukwa pamene munthuyo ankalankhula ife tinali kukonza zoti tiyankhe. Mapanga awiri avumbwitsa. Ikani foni pansi, mverani, ndipo bwerezani liwulo mokweza nthawi yomweyo. Ngati ndi dzina, ligwiritseni ntchito m'chiganizo chotsatira. Ngati simunamve bwino, funsaninso pomwepo, si mwano.

Kenako mangani mitolo. Pa mndandanda wa mawu 15 uja, galu, mbalame ndi nthenga zikhoza kukhala pamodzi. Singano ndi chingwe pamodzi. Mwala, phiri ndi mtambo pamodzi. Zenera, galasi, sopo ndi tsache ndi za tsiku loyeretsa m'nyumba. Mpando, nyali ndi buku ndi munthu akuwerenga usiku. Mawu 15 asanduka mitolo isanu.

Njira yamphamvu kuposa pamenepa ndi yopeka nkhani. Mu 1969 Gordon Bower ndi Michal Clark a pa yunivesite ya Stanford anapatsa ophunzira mindandanda 12 ya mawu 10 uliwonse. Gulu lina linauzidwa kulumikiza mawuwo m'kankhani, lina linangoloweza mmene likudziwira, pa nthawi yofanana. Atangomaliza mndandanda uliwonse, magulu onse ankakhoza pafupifupi mawu onse. Koma atafunsidwa mindandanda yonse 12 pamapeto, opeka nkhani anakumbukira mawu 93 pa 100 alionse, enawo 13 okha. Nkhaniyo sifunika kukhala yanzeru. Galu wanyamula nyali pakamwa, wakwera pampando, wasuzumira pazenera, waona mbalame ikusoka mtambo ndi singano. Mukachiona chithunzicho m'maganizo, mawu 7 alowa.

Palinso njira ya malo, imene Agiriki ndi Aroma akale ankagwiritsa ntchito pokonzekera kulankhula pagulu. Cicero, katswiri wolankhula pagulu wa ku Roma wakale, analemba kuti anaiyambitsa ndi mlakatuli Simonides. Mumasankha njira imene mumaidziwa bwino, monga kuchokera pachitseko cha nyumba yanu mpaka kuchipinda chogona, n'kusankha malo 10 otsatizana. Liwu lililonse mumaliika pamalo pake ngati chithunzi: mwala waukulu watsekereza chitseko, nyali ikuyaka pamphasa yopukutira mapazi. Pokumbukira mumangoyendamo m'maganizo. Mu 2017 Martin Dresler ndi anzake anaphunzitsa njirayi anthu wamba kwa milungu 6, theka la ola pa tsiku. Pa mndandanda wa mawu 72, chiwerengero cha mawu amene ankakumbukira chinakwera kuposa kawiri, ndipo patatha miyezi inayi luso linali likadalipo. Masiku oyamba njirayi imachedwa ndipo imatopetsa, moti ambiri amaisiya pamenepo. Pitirizani kwa milungu iwiri musanaiweruze.

Njira zonsezi zikuchita chinthu chimodzi. Zikuchotsa mawu m'manja motayikira muja n'kuwakoleka pa zinthu zimene mukuzidziwa kale. Fergus Craik ndi Endel Tulving anasonyeza mu 1975 kuti liwu limene munthu waliganizira tanthauzo limakumbukika kwambiri kuposa limene wangoliyang'ana kalembedwe kapena kamvekedwe.

Ndipo kulemba si kugonja. Malangizo a mankhwala, nambala ya akaunti, tsiku lokaonana ndi dokotala: izi lembani, ngakhale mutakhala ndi mutu wogwira chotani.

Ndikuphunzira chilankhulo china. Mawu ndimawagwira lero, mawa apita. Nditani?

Apa khutu lamkati lija lili ndi ntchito yaikulu, chifukwa liwu lachilendo lilibe tanthauzo loti mulikolekepo poyamba. Mu 1988 Baddeley, Costanza Papagno ndi Giuseppe Vallar anayesa mayi wina wa ku Italy amene mbali imeneyi inawonongeka. Ankatha kuloweza mawu awiriawiri a chilankhulo chake, koma analephera kuphunzira mawu a Chirasha. Choncho liwu latsopano litchuleni mokweza kangapo mpaka lilime lizolowere, ndipo lalitali liduleni m'maphatikizo.

Kuti likhalitse, dzifunseni m'malo mongowerenga. Mu 2008 Jeffrey Karpicke ndi Henry Roediger anaphunzitsa ophunzira a ku America mawu 40 a Chiswahili. Amene anapitiriza kufunsidwa mawu onse ngakhale atawakhoza kale anakumbukira pafupifupi 80 pa 100 alionse patatha mlungu. Amene anasiya kufunsidwa liwu akangolikhoza kamodzi anakumbukira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ngakhale ena mwa iwo anapitiriza kuwawerenga. Phimbani yankho ndi dzanja, vutikani kulikumbukira, kenako onani.

Mutalikitsenso nthawi. Hermann Ebbinghaus anasonyeza mu 1885 kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira, kenako kumachepa liwiro. Dzifunseni madzulo a tsiku lomwelo, mawa lake, pakatha masiku atatu, pakatha mlungu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Timakadi tolembedwa mbali zonse tikwanira, kapena pulogalamu ngati Anki imene imakuwerengerani masiku.

Kodi wailesi kapena nyimbo zimasokoneza?

Mawu olankhulidwa amasokoneza, ngakhale musakuwamvetsera. Herbert Colle ndi Alan Welsh anapeza mu 1976 kuti ngakhale mawu a chilankhulo chimene munthu sachimva amachepetsa zimene angasunge, chifukwa amalowa okha m'khutu lamkati popanda kugogoda. Nyimbo zokhala ndi mawu zimasokoneza kuposa zopanda mawu. Phokoso losasinthasintha, ngati la mvula padenga, silivuta kwenikweni.

Nanga tulo, mowa ndi mankhwala?

Usiku umodzi wosagona bwino umachepetsa chidwi, ndipo chidwi chikachepa mawu salowa. Tulo timathandizanso kukhazikitsa zimene mwaphunzira masana. Mowa umalepheretsa ubongo kusunga zatsopano, n'chifukwa chake woledzera kwambiri amadzuka osadziwa zimene ananena. Chamba chimachepetsanso kukumbukira mawu. Mankhwala ena ogonetsa ndi ochepetsa nkhawa monga diazepam, komanso ena a ziwengo oyambitsa tulo, amasokoneza kukumbukira makamaka kwa achikulire. Musasiye nokha mankhwala amene munalemberedwa, koma mufotokozereni dokotala zimene mukuona.

Za mapiritsi ogulitsidwa kuti amanola ubongo, chenjerani. Ginkgo biloba, wotchuka kwambiri mwa onsewo, anayesedwa ku America pa achikulire oposa 3,000 kwa zaka zingapo, ndipo zotsatira za mu 2008 zinasonyeza kuti sanateteze matenda oiwalaiwala. Vitamini B12 amathandiza munthu amene akupereweradi vitaminiyo m'thupi, zimene zimadziwika poyeza magazi.

Mwana wanga amaiwala ndikamutuma zinthu zingapo. Ndi mwano kapena vuto?

Kawirikawiri si mwano. Mwana wa zaka zinayi kapena zisanu amasunga zinthu zochepa kwambiri kuposa wamkulu, ndipo ana amayamba kubwereza mawu chamumtima mwa iwo okha akafika zaka pafupifupi 7. Mukamuuza zinthu zinayi mumpweya umodzi, adzachita choyamba kapena chomaliza. Muuzeni ziwiri, abwereze, apite. Ngati akutsalira kwambiri poyerekeza ndi anzake, akuvutika kubwereza mawu atsopano kapena kuphunzira kuwerenga, kambiranani ndi aphunzitsi ake ndipo akamuyeze makutu.

Ndikukalamba ndipo ndikuiwalaiwala. Ndi liti pamene ndiyenera kukaonana ndi dokotala?

Kubwereza mawu ochepa mutangowamva sikutsika kwambiri ndi ukalamba. Chimene chimatsika ndi kusunga mawu uku mukuchita china, komanso liwiro lopezera dzina limene lili pamlomo pompa koma likukana kutuluka. Mawu amene munthu amawadziwa amapitiriza kuchuluka mpaka atakula ndithu. Kuiwala dzina n'kulikumbukira madzulo ndi za aliyense.

Pitani kuchipatala ngati munthu akufunsa funso lomwelo kangapo pa kucheza kumodzi osadziwa kuti wafunsa kale, akusochera m'njira imene waiyenda zaka zambiri, akulephera ntchito zimene ankazichita mosavuta monga kuwerengera ndalama, kapena ngati achibale akuona kusintha kumene mwiniwake sakukuona. Si kuiwala konse kumene kuli matenda oiwalaiwala. Kuvutika maganizo, vuto la chithokomiro, kuchepa kwa vitamini B12, kubanika kutulo ndi mankhwala ena zimabweretsa kuiwala kumene kumatha kuchizika. Koma munthu akasokonekera mwadzidzidzi, mawu akayamba kutuluka mopotoka, kapena mbali imodzi ya nkhope kapena mkono ukafooka, musadikire kuti kuche. Ikhoza kukhala sitiroko, ndipo ola lililonse ndi lofunika.

Musaiwale makutu. Patrick Rabbitt anasonyeza mu 1968 kuti anthu akamamva mawu movutikira chifukwa cha phokoso, amakumbukira ochepa ngakhale atawamva molondola, popeza mphamvu zathera pa kumvako. Ndinaziona ndekha kwa bambo anga. Tinkada nkhawa kuti ayamba kuiwala, chifukwa ukawauza zinthu zitatu ankagwira chimodzi. Tsiku lina ndinawawerengera mawu ndili chakumbuyo kwawo, wailesi ikulankhula chapansipansi, ndipo analekera pa atatu. Mawa lake ndinazimitsa wailesi, ndinakhala moyang'anana nawo kuti aziona milomo yanga, n'kuwerenga mawu ena atsopano mosathamanga. Anafika pa asanu, ndipo pa mndandanda wa mawu 6 anangosemphanitsa awiri apakati. Mlungu wotsatira tinapita nawo kukayezetsa makutu.